Za Umoyo Wathu: Kalumo ka Mlendo Kayambe Kayesedwa

Mwezi uno tikambirane za matenda awiri amene amayendera limodzi pakati pa ana athu, ndiwo kunyentchera ndi chibayo, ndiponso za anthu ophunzira a m'mayunivesite amene amagwirizana ndi zipatala pofufuza njira zothana nawo. Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife a kuno ku mapiri a Angónia. Dera lathu limadziwika kuti ndi nkhokwe ya chigawo cha Tete. Chimanga, nyemba, soya ndi kachewere zochokera ku Domue, ku Ulongwe ndi kwa anansi athu a ku Tsangano zimadzaza magalimoto opita ku mizinda, ndipo zina zimagulitsidwa pa misika ya m'malire monga wa Lizulu. Komabe aliyense wopita ku sikelo amadziwa kuti m'midzi yomweyi muli ana ambiri opinimbira. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2011 anapeza kuti ana 43 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Mozambique anali opinimbira, ndipo wa mu 2022 mpaka 2023 anapeza ana 37. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, kafukufuku wa mu 2015 mpaka 2016 anapezanso ana 37 mwa 100.

Za chisanu cha Juni ndi Julaye sitichita kuuzana. Timatseka zitseko, timasonkha moto wa nkhuni kapena wa zisononkho m'nyumba, ndipo khanda limakhala kumbuyo kwa mayi wake pamene iye akuweramira pa mafuwa. Mwana wosadya mokwanira amakhala ndi chitetezo chofooka m'thupi, ndipo ngakhale minofu imene imamuthandiza kukoka mpweya imakhala yopanda mphamvu. Chibayo chikamugwira chimamugwetsa msanga. Akachira amakhala ataonda koposa kale chifukwa masiku onse a matendawo sanali kudya, ndipo chifuwa chotsatira chimamupeza ali wofooka. Kuchipatala matenda awiriwa akhoza kukhala ndi zipinda zosiyana, koma mwana amene mayi wabereka kumbuyo ndi mmodzi yemweyo.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mawuwa ndi oona, ndipo tiona pansipa mmene nzeru zochokera kutali zapulumutsira ana ochuluka. Koma tionanso kuti zina zimene aliyense ankayembekeza kuti zithandiza sizinathandize, ndipo china chinavulaza. Zonsezi zinadziwika chifukwa chakuti panali anthu amene analolera kuyesa, kuwerenga ndi kunena zoona.

Tiyambe ndi chiponde cha kuchipatala, chija chimalembedwa kuti ATPU m'zipatala za kuno. Kale mwana wonyentchera kwambiri kapena wotupikana ankagonekedwa m'chipatala kwa masabata angapo akumwa mkaka wapadera. Mayi ankasiya munda ndi ana ena kunyumba, ndipo ambiri ankathawa chithandizo chisanathe. M'zipinda zodzazazo ana ankapatsirananso matenda. Mu 1996 dokotala wa ku France, André Briend, pamodzi ndi Michel Lescanne, anakonza chakudya chosakaniza mtedza wosinja, mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Ubwino wake ndi wakuti mulibe madzi, choncho tizilombo sitiswana m'menemo, ndipo sichifuna kuphika. Funso linali lakuti: kodi mayi wa kumudzi angathe kuchiritsa mwana wake kunyumba ndi chakudya chimenechi? Kuyambira mu 2001 Dr Mark Manary wa ku Washington University, mu mzinda wa St Louis ku America, anagwirizana ndi sukulu ya madokotala ya College of Medicine ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuti apeze yankho. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2005, wokhudza ana 1,178 a kumwera kwa Malawi, ana 79 mwa 100 odyetsedwa chiponde kunyumba anachira, pomwe mwa othandizidwa m'njira yakale anachira 46 okha. Mu 2007 mabungwe a WHO, UNICEF ndi WFP anavomereza njira yothandizira ana onyentchera kumudzi kuti igwiritsidwe ntchito m'maiko onse. Lero mayi wa ku Niger, wa ku Ethiopia ndi wa kuno ku Ulongwe amalandira timapaketi timeneti, ndipo mbali ina ya umboni wake inachokera kwa amayi olankhula chinenero chathu.

Ofufuza omwewo sanalekere pomwepo. Anaona kuti ana ena ankamwalirabe ngakhale akudya chiponde, ndipo anaganizira kuti mwina ali ndi matenda obisika amene thupi lofooka silingathe kuwaonetsa. Anayesa ana 2,767 m'Malawi, ena akulandira mankhwala opha tizilombo pamodzi ndi chiponde, ena akulandira chiponde ndi madzi ooneka ngati mankhwala. Zotsatira za mu 2013 zinaonetsa kuti mwa osalandira mankhwala anamwalira ana oposa 7 mwa 100, pomwe mwa olandira anamwalira osakwana 5. N'chifukwa chake namwino akapereka chiponde amaperekanso amoxicillin, ndipo mayi wanzeru amamwetsa mwana mpaka botolo lithe.

Tsopano tibwere ku utsi. Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa zidzachepetsa chibayo mwa ana, ndipo mabungwe ankasonkha ndalama zambiri zogawira mbaulazo m'maiko osauka. Maganizowo anali omveka, koma anali asanayesedwe mokwanira. Kuyambira kumapeto kwa 2013 mpaka 2016, sukulu ya Liverpool School of Tropical Medicine ya ku England, motsogozedwa ndi Dr Kevin Mortimer, inagwirizana ndi College of Medicine, bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome ndi ofufuza a ku Karonga. Anatsatira ana 10,750 m'magulu a midzi 150 ku Chikwawa ndi ku Karonga. Theka la midzi linalandira mbaula zokhala ndi kachipangizo kopemerera moto koyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo theka linalo linapitiriza kuphika pa mafuwa. Patatha zaka ziwiri, chiwerengero cha ana odwala chibayo chinali chofanana mbali zonse.

Zotsatirazi zinakhumudwitsa ambiri, koma ofufuzawo anazisindikiza monga zinalili. Tisamve molakwa ngati kuti utsi ulibe vuto, pakuti utsi umawononga mapapo a mwana ndi a mayi omwe. Chimene chinaoneka n'chakuti mbaula imodzi singayeretse mpweya wa mudzi wonse. Mbaula zinkawonongeka kawirikawiri. Banja likafuna kuphika mphika waukulu kapena kuotha moto linkabwerera ku mafuwa. Mwana ankapumanso utsi wa kwa anansi, wa zinyalala zotenthedwa ndi wa fodya. Ife a ku Angónia tiyenera kulingalira kawiri pa mfundo imeneyi, chifukwa Chikwawa ndi Karonga ndi madera otentha, pomwe kuno moto wa m'nyumba ndi wophikira komanso wothamangitsira chisanu usiku wonse. Wobwera ndi mbaula kuno ayenera kuyamba wafunsa kuti banja lidzaotha chiyani mu Julaye.

Nkhani yachitatu ndiyo yophunzitsa koposa. Makanda obadwa masiku asanakwane amavutika kupuma chifukwa mapapo awo amafota. M'maiko olemera muli makina amene amawapopera mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno kuti mapapowo akhale otseguka, koma mtengo wake unali madola zikwi zingapo. Aphunzitsi ndi ophunzira a ku Rice University ya ku Texas, motsogozedwa ndi Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, anagwirizana ndi madokotala a ana a pa Queen Elizabeth, ena mwa iwo Elizabeth Molyneux ndi Kondwani Kawaza, ndipo anapanga makina otsika mtengo pogwiritsa ntchito timapampu ta m'mabokosi owetera nsomba ndi botolo la madzi. Anawatcha dzina la Chichewa lakuti Pumani. Atawayesa mu 2012, makanda 71 mwa 100 oikidwa pa makinawo anapulumuka, pomwe mwa olandira okosijeni yekha anapulumuka 44. Pambuyo pake makinawa anafikitsidwa ku zipatala zambiri za boma.

Zinali zachidziwikire kuti anthu afunse ngati njira yomweyi ingathandizenso ana okulirapo odwala chibayo choopsa. Ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, kafukufuku wa mu 2015 anaonetsa kuti inathandiza ndithu, koma kumeneko ana ankayang'aniridwa ndi madokotala usana ndi usiku. Dr Eric McCollum wa ku Johns Hopkins University ndi anzake a m'Malawi anaganiza zoyesa pa chipatala cha boma cha Salima, chimene chinali chofanana ndi zipatala zathu za m'maboma, zopanda dokotala woona mwana tsiku lililonse. Anayesa ana 644 odwala chibayo choopsa amene analinso ndi vuto lina, monga kunyentchera kwambiri, kachilombo ka HIV kapena kuperewera kwambiri kwa okosijeni m'magazi. Mwa oikidwa pa makina anamwalira 17 mwa 100, pomwe mwa olandira okosijeni wamba anamwalira 11. Kafukufukuyo anaimitsidwa mu 2018 asanafike kumapeto, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa mu 2019.

Tiime pamenepa pang'ono. Njira imodzi yomweyo inapulumutsa makanda ku Blantyre, inapulumutsa ana ku Dhaka, koma ku Salima sinathandize. Kusiyana kunali pa msinkhu ndi kufooka kwa ana, pa kuchuluka kwa anamwino ndi madokotala, ndi pa chisamaliro chimene makinawo amafuna ola ndi ola. Pakanapanda kafukufuku wa ku Salima, anthu a mtima wabwino akanagula makinawo n'kuwagawa paliponse, ana akanamwalira, ndipo palibe akanadziwa chifukwa chake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mabanja a ku Salima amene analola ana awo kulowa m'kafukufukuyo anateteza ana a anthu ena amene sadzawaona n'komwe, ndipo ena mwa mabanjawo anabwerera kwawo ndi maliro. Tiwakumbukire ndi ulemu.

M'dziko lathu la Mozambique mgwirizano wotere ukudziwika kwambiri ku Manhiça, pafupifupi makilomita 80 kumpoto kwa Maputo. Kumeneko mu 1996 kunakhazikitsidwa malo ofufuzira za umoyo mothandizana pakati pa Unduna wa Zaumoyo, Universidade Eduardo Mondlane ndi chipatala cha Hospital Clínic cha ku Barcelona, ku Spain. Kwa zaka zambiri akhala akulemba mwana aliyense wofika pa chipatala cha bomalo ndi kuyeza magazi a ogonekedwa kuti adziwe tizilombo timene tikuwadwalitsa. Kaundula ameneyu anathandiza boma kuona kukula kwa vuto la chibayo, ndipo katemera wa Hib anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2009, wa pneumococcus mu 2013. Malawi anayamba katemera wachiwiriyu mu Novembala 2011. Mwana wa ku Lifidzi akabayidwa katemera ameneyu amapindula ndi ntchito ya ku Manhiça. Koma Manhiça ali kutali ndi ife makilomita oposa 1,000, ku chigwa chotentha, kwa anthu a zakudya zina ndi nyumba zina. Mafunso ena a kuno sangayankhidwe kumeneko.

Chitsanzo choyandikira moyo wathu wa ulimi chili ku Ekwendeni, pa chipatala cha mishoni cha Sinodi ya Livingstonia ku Mzimba. Ogwira ntchito m'chipinda cha ana onyentchera anaona kuti ana ankachira, n'kupita kwawo, n'kubweranso atanyentchera. Mu 2000 chipatalacho chinayamba kugwira ntchito ndi ofufuza a ku Canada, mmodzi mwa iwo Rachel Bezner Kerr, amene pambuyo pake anakhala mphunzitsi pa Cornell University. Iwo sanabweretse makina kapena mankhwala. Midzi inasankha alimi ake kuti akhale gulu lofufuza, ndipo alimiwo ankayesa m'minda mwawo kasakanizidwe ka nandolo, mtedza, soya ndi chimanga, n'kumakwirira masangwi kuti nthaka ibwerere. Posakhalitsa anapeza kuti kukolola nyemba zambiri pakokha sikunenepetsa mwana. M'mabanja ena bambo ankagulitsa zokolola zonse ndalama n'kuthera kwina. M'mabanja ena agogo, amene mawu awo ndi olemera pa kaleredwe ka mwana, ankalamula kuti khanda lipatsidwe phala lamadzimadzi ndi mankhwala azitsamba lisanafike miyezi isanu ndi umodzi. Choncho anayamba misonkhano yosonkhanitsa abambo, amayi ndi agogo, ndiponso masiku ophunzitsana kaphikidwe. Zotsatira zosindikizidwa mu 2011 zinaonetsa kuti ana a m'midzi imene inatenga mbali kwambiri ndiponso kwa nthawi yaitali ankakula bwino koposa. Kuyambira mu 2012 ntchitoyi inafika ku Lobi, m'boma la Dedza, kwa abale athu a chinenero chimodzi ndi nyengo imodzi.

Nanga kuno kwathu? Zipangizo za mgwirizano wotere zilipo. Ku Ulongwe kuli chipatala chachikulu cha boma lathu ndiponso nthambi ya za ulimi ya Universidade Zambeze, yunivesite imene inatsegulidwa mu 2009. Nthambi yake ya za umoyo ili mu mzinda wa Tete. Ku Ntengo Umodzi kuli malo a boma oyesera mbewu. Mafunso ofuna mayankho ndiwo sasowa. Kodi banja limagulitsa gawo lotani la nyemba ndi soya, ndipo mwana wa chaka chimodzi amadya kangati pa tsiku m'nyengo yolima, pamene mayi amachoka m'mamawa? Kodi ndi miyezi iti imene ana a chibayo amachuluka pa chipatala, ndipo amachokera midzi iti? Kodi kakhitchini kapadera kapena zenera la pamwamba zingachepetse utsi popanda kugonetsa banja ndi chisanu? Kodi chuku cha m'chimanga ndi mtedza wosauma bwino chikuwononga ana angati? Wophunzira za ulimi sangayankhe yekha, namwino sangayankhe yekha, ndipo onse awiri sangayankhe popanda amayi ndi agogo amene amadziwa zimene zimalowa mumphika. Ana athu amene ali m'masukulu amenewa tiwalimbikitse kuti akamasankha mitu ya kafukufuku wawo ayang'ane ku midzi imene inawalera.

Tikudziwa kuti mawu akuti kafukufuku amadzetsa mantha, makamaka pakatchulidwa magazi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala m'madera a m'malire a Mozambique ndi Malawi, ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa, ogwira ntchito za umoyo analephera kulowa m'midzi ina. Mantha otere amakula pamene anthu sanauzidwe zoona m'chinenero chawo. Mankhwala a mphekesera ndi kufunsa poyera, pakuti safunsa anadya phula. Ofufuza akafika pa bwalo la mfumu, tiwalandire ngati alendo, kenaka tiwafunse mwaulemu. Akufuna kudziwa chiyani? Ndi komiti iti imene yawaloleza? Ku Mozambique kuli komiti ya dziko lonse yoona za chilungamo pa kafukufuku wa umoyo, ndipo ku Malawi kulinso makomiti otere. Wofufuza woona amakhala ndi kalata yake ndipo sakwiya akafunsidwa. Magazi atengedwa ochuluka bwanji, apita kuti, ndipo adzasungidwa mpaka liti? Mwana akadwala chifukwa cha zoyesedwazo, adzamusamalira ndani? Ndipo pomaliza, adzabwera liti kudzatiuza zimene apeza, kaya zabwino kaya zoipa?

Tidziwenso ufulu wathu. Palibe kholo loyenera kusaina kapena kudinda chala pa pepala limene silinaliwerenge kapena kuwerengeredwa m'Chichewa. Mfumu ikhoza kulola ofufuza kulowa m'mudzi, koma singavomere m'malo mwa kholo la mwana. Wokana sataya ufulu wake wolandira chithandizo pa chipatala, ndipo wovomera akhoza kutuluka tsiku lililonse osapereka chifukwa. Sopo kapena ndalama ya ulendo zisatiphimbe m'maso. Kumbali yathu, tikavomera tinene zoona. Ngati mbaula yasweka, tinene. Ngati chiponde tagawira ana ena kapena tagulitsa, tinene, pakuti yankho labodza limasokeretsa ofufuza ndipo mapeto ake amagwera ana a dziko lonse.

Pamene tikudikira mayankho a mawa, zimene zinatsimikizidwa kale tizichite lero. Khanda liyamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, kenaka lipatsidwe phala lolimba lothira nsinjiro, soya, dzira kapena masamba, likuyamwabe mpaka zaka ziwiri. Tisagulitse nyemba zonse. Katemera athe monga mwa khadi la sikelo. Chiponde cha kuchipatala ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si ndiwo za banja. Pophika, mwana akhale kutali ndi utsi, ndipo mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka. Mwana akamatsokomola, tivule malaya ake tiwerenge mpweya kwa mphindi imodzi ali phee. Wosakwana miyezi iwiri akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi iwiri mpaka 11 akapuma ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akapuma ka 40, ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pokoka mpweya, ngati akukana kuyamwa, akukomoka kapena akugona mosadzutsika, tisadikire kuti kuche. Ndipo ngati mwanayo ndi woonda kale kapena wotupa mapazi, tifulumire koposa, pakuti mwa ana otere chibayo chimatha kupha thupi lisanatenthe n'komwe.

Abambo, njinga ndi ndalama ya ulendo zili m'manja mwanu; musayembekeze kuti mayi achite kupempha kawiri. Agogo, mawu anu amamveka m'nyumba kuposa a namwino. Agwiritseni ntchito potumiza mwana kuchipatala msanga. Mwezi wamawa tidzakambirana za kasungidwe ka chimanga ndi mtedza kuti chuku chisalowe m'nkhokwe.